Chikumbumtima Si Mantha a Kugwidwa

Mawu akuti chikumbumtima timawamva pafupifupi tsiku lililonse. Kondakitala wa minibasi akakubisira chenji pa depoti ya Limbe, umangomva amayi ena ali kumbuyo akuti, munthu uyu ngopanda chikumbumtima. Wogulitsa chimanga akanyowetsa thumba kuti lilemere, mawu ake ndi omwewo. Koma mutafunsa anthu khumi kuti chikumbumtimacho n'chiyani kwenikweni, asanu ndi atatu angokanda m'mutu. Ine ndine mnyamata wa Fomu 3 chabe, kwathu ndi ku Mpingwe, ndipo sindidafike n'komwe pa maphunziro akuluakulu a zaumulungu. Komabe zimene taphunzira m'kalasi ndi zimene ndawerenga m'laibulale yathu zandikhudza kwambiri kotero kuti ndaona kuti ndi bwino ndigawane nanu. Abambo athu ansembe andikonza pamene ndapotoza.

Poyamba tichotse zinthu zimene timazisokoneza ndi chikumbumtima. Mtima ukamagunda chifukwa aphunzitsi akuyandikira pamene iwe wabisa kapepala m'sokosi, amenewo ndi mantha. Ukamalephera kudutsa pa gulu chifukwa anthu amva mbiri yako, amenewo ndi manyazi. Mantha ndi manyazi zimafunsa funso limodzi lokha: kodi andiona? Chikumbumtima chimafunsa lina: kodi chimenechi n'chabwino kapena n'choipa? N'chifukwa chake mbala yochenjera ikhoza kugona tulo tabwino popeza palibe waiona, pamene munthu wina amabweza ndalama imene adatola usiku pamsewu wopanda anthu. Ifetu Amalawi tidaleredwa ndi mawu akuti anthu adzati chiyani, ndipo mawuwa atithandiza m'zambiri. Koma ali ndi malire ake. Tsiku limene anthu onse agwirizana pa choipa, mawu amenewa amasanduka chingwe chokukokera kuphompho.

Eklezia amaphunzitsa kuti chikumbumtima ndi chiweruzo cha nzeru za munthu pa ntchito imene akufuna kuchita, imene akuchita, kapena imene wachita kale. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene adatuluka mu 1992, amafotokoza nkhaniyi kuyambira pa nambala 1776 mpaka 1802. Taonani kuti akunena za nzeru, osati za mmene thupi likumvera. Ndiponso akunena za nthawi zitatu. Ambirife timadziwa chikumbumtima cha pambuyo chokha, chija chimakusowetsa tulo utalakwa kale. Chimenechi ndi chofunika ndithu, ndicho chidagwira mfumu Davide pamene mneneri Natani adamusimbira nkhani ya munthu wolemera amene adalanda kankhosa ka mmphawi. Koma chikumbumtima chimene chimangolankhula zinthu zitaonongeka chili ngati mlonda amene amaimba wezulo akuba atapita kale. Ntchito yake yaikulu ndi ya patsogolo, kukuchenjeza usadachite.

Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake chotchedwa Gaudium et Spes cha mu 1965, pa nambala 16, udafanizira chikumbumtima ndi chipinda chamkati kwambiri mwa munthu, malo oyera kumene iye amakumana yekha ndi Mulungu. Udatinso m'menemo munthu amapezamo lamulo limene sadalilembe yekha koma ayenera kulimvera. Paulo Woyera adanena kale zofanana ndi zimenezi polembera Aroma, pa mutu 2, kuti ngakhale anthu amene sadalandire malamulo a Mose ali ndi lamulo lolembedwa m'mitima mwawo. Apa ine ndimasangalala, chifukwa zikutanthauza kuti makolo athu akale, amene adamwalira amishoni asadafike ku Nzama mu 1901, sadali anthu opanda nyali. Ankadziwa kuti kupha ndi koipa, kuti mlendo amapatsidwa chakudya, kuti mwana wamasiye satayidwa. Ndipo mawu akuti chikumbumtima ndi athuathu, sitidachite kubwereka.

Tsono pali malamulo awiri amene amaoneka ngati akutsutsana. Loyamba: munthu ayenera kutsata chikumbumtima chake chikamuuza motsimikiza, ndipo akachita mosemphana nacho mwadala wadziweruza yekha. Lachiwiri: chikumbumtima chikhoza kulakwa. Anzanga ena akamva loyambalo amakondwa, amati basi, aliyense ndi mtima wake, usandiuze zochita. Amaiwala lachiwirilo. Wotchi ndiyo imakuuza nthawi ndipo uyenera kuitsata, koma ngati suisamala kuitchera idzakuchedwetsa ku Misa ili chikhalire pamkono pako. Choncho udindo wotsata chikumbumtima umayenda limodzi ndi udindo wochiphunzitsa: kumva Mawu a Mulungu, kudziwa chiphunzitso cha Eklezia, kupemphera, ndi kufunsa kwa anthu odziwa. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula. Munthu akalakwa chifukwa chosadziwa, pamene panalibe njira yoti n'kudziwira, mlandu suli pa iye ngakhale chinthucho chikhalabe choipa. Koma amene sadziwa chifukwa safuna kudziwa, poopa kuti choona chingamusokonezere malonda ake, ameneyo sangabisale kumbuyo kwa chikumbumtima.

Kuti zimenezi zisakhale nkhani za m'mabuku zokha, tiyeni tione zimene zidachitika kwathu konkuno.

Lamulungu pa 8 Marichi 1992, sabata yoyamba ya Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika m'Malawi muno mudawerengedwa kalata ya aepiskopi imene pa Chingerezi imatchedwa Living Our Faith. Idasindikizidwa ku Balaka, kwa ansembe a Montfort, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Adaisaina anthu asanu ndi awiri: Ambuye James Chiona a ku Blantyre, Felix Mkhori a ku Chikwawa, Matthias Chimole a ku Lilongwe, Alessandro Assolari a ku Mangochi, Allan Chamgwera a ku Zomba, Gervazio Chisendera a ku Dedza, ndi Monsinyo John Roche amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu. Ife amene tabadwa m'nthawi ino tikaiwerenga kalatayi timadabwa kuti choopsa chinali pati. Imanena za malipiro ochepa a antchito, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za ana odzaza m'kalasi imodzi, za kusowa kwa zofunika m'zipatala. Imanenanso kuti anthu ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, kuti munthu sankatha kulankhula maganizo ake momasuka, ndiponso kuti wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pakhomo la msika, pachipatala ndi pokwerera basi.

Zonsezi aliyense ankazidziwa. Agogo anga, amene amapemphera ku tchalitchi chachikulu cha Limbe kuyambira ali mtsikana, amati munalibe mawu ndi amodzi omwe achilendo m'kalatamo. Chachilendo chinali chakuti zinthu zimene anthu ankanong'onezana kuchipinda, zitseko zitatsekedwa, tsopano zinkanenedwa paguwa dzuwa likuswa mtengo. Amati ena adawomba m'manja, ena adayamba kuyang'ana kukhomo kuona ngati kwaima galimoto. Apatu m'pamene ndimaona kusiyana kwa kudziwa ndi chikumbumtima. Dziko lonse linkadziwa. Koma kudziwa kumangokhala m'mutu, pamene chikumbumtima chimakuuza kuti popeza ukudziwa, iweyo uyenera kuchita chakuti, lero.

Malipiro ake sadachedwe. Pa 10 Marichi aepiskopi aja adaitanidwa ku polisi ya ku Kanjedza, pamtunda woti munthu wa ku Mpingwe n'kuyenda wapansi, ndipo adawapanikiza ndi mafunso kwa maola ambiri. Boma lidalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndi kuti aliyense wopezeka nayo ali pa mlandu. Wailesi ndi nyuzipepala za nthawi imeneyo zidawanyoza. Akuluakulu ena a chipani pamsonkhano wawo ku Lilongwe adafika mpaka ponena zowapha, ndipo mawu awo adajambulidwa pa tepi imene pambuyo pake idamveka kunja kwa dziko. Monsinyo Roche, mbadwa ya ku Ireland, adapitikitsidwa m'dziko muno pa Lachisanu Loyera, pa 17 Epulo. Koma aepiskopi sadabweze zimene adalemba. Ophunzira a ku Chancellor College adachita zionetsero zowavomereza, Chakufwa Chihana adabwerera kumudzi pa 6 Epulo n'kumangidwa pabwalo la ndege, ndipo pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse adavotera ndale za zipani zambiri. Chisankho chidachitika pa 17 Meyi 1994.

Nkhaniyi timakonda kuikamba ngati ya ndale, koma ine ndimaiona ngati phunziro la chikumbumtima, ndipo muli zinthu zingapo zimene sitiyenera kuzidumpha. Choyamba, aepiskopi aja sankadziwa mathero ake. Ife tikuona referendamu ndi chisankho chifukwa tili kutsogolo kwa mbiri. Iwo pa 8 Marichi ankaona ndende ya Mikuyu ndi mayina a anthu amene adasowa. Zikadapanda kuyenda bwino, kalatayo ikadakhalabe yoona. Chikumbumtima sichilonjeza kuti upambana. Thomas More adadulidwa mutu ku London mu 1535 atakana kulumbira zimene mtima wake sunkavomereza, ndipo mfumu Henry VIII adapitiriza kulamulira ngati kuti palibe chachitika. Kizito, wamng'ono mwa amaritiri a ku Uganda, adatenthedwa ku Namugongo mu 1886 ali wocheperapo kuposa ine.

Chinanso, sadalembe mopsa mtima kapena aliyense payekha. Adakhala pansi, adakambirana, adatsamira pa Malembo ndi pa chiphunzitso cha Eklezia chokhudza ulemu wa munthu. Zaka zitatu m'mbuyo mwake, mu Meyi 1989, Papa John Paul II anali atayendera dziko lino. Chimenechi ndicho chikumbumtima chophunzitsidwa. Ndipo tisaiwale anthu ang'onoang'ono amene mayina awo sadalembedwe paliponse: wansembe wa kumudzi amene akadatha kunena kuti kalata sidafike, mphunzitsi wa mpingo amene adaiwerenga kunthambi kopanda wansembe, amayi amene adaibisa m'denga m'malo moipereka ku polisi. Aliyense wa iwo adaweruza yekha m'chipinda chamkati chija. Episkopi sangakhale ndi chikumbumtima m'malo mwa iwe.

Pali funso limene mnzanga wina adafunsa m'kalasi ndipo tonse tidakhala chete: nanga bwanji adadikira mpaka 1992? Ndi funso lolungama. Anthu anali atavutika zaka zambiri. Sindine woyenera kuweruza akuluakulu amene adakhala m'masiku amene ine sindidawaone, koma funsoli limandikumbutsa anthu ena amene ife Akatolika sitiwatchula kawirikawiri. A Mboni za Yehova adakana kugula makhadi a chipani chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Adaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 adamenyedwa, adawotcheredwa nyumba, ena adaphedwa, zikwizikwi adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Chiletso chidachotsedwa mu 1993. Ife sitigwirizana nawo pa chiphunzitso, ndipo kusagwirizanako si kwakung'ono. Koma msonkhano womwe uja wa ku Vatican, m'chikalata cha Dignitatis Humanae cha mu 1965, udaphunzitsa kuti munthu asakakamizidwe kuchita zosemphana ndi chikumbumtima chake pa za chipembedzo. Ufulu umenewu si wa Akatolika okha. Mkhristu amene adatenga nawo chibonga kukamenya mnansi wake wa Mboni adachimwa, ngakhale tcheyamani adamutuma. Petro ndi atumwi adayankha kale nkhani imeneyi pamaso pa bwalo la akulu, m'buku la Ntchito za Atumwi mutu 5, posonyeza kuti lamulo la munthu likatsutsana ndi la Mulungu, la Mulungu ndilo litsogola.

Ndinenenso mbali ina ya chaka chomwecho. Mu Meyi 1992 antchito a m'mafakitale a mu Blantyre ndi Limbe adanyanyala ntchito, zinthu zidasokonekera, masitolo adaswedwa, ndipo anthu ambiri adaomberedwa. Wonyanyala chifukwa cha malipiro ochepa ndi wonyamula katundu wa m'sitolo yoswedwa anali m'msewu umodzi, mwinanso onse ankati akumenyera chilungamo. Katekisimu amapereka lamulo limene silisintha pa nkhani ngati izi: sikuloledwa kuchita choipa n'cholinga choti patuluke chabwino. Lamulo limeneli ndi lolimba, ndipo ndi limene timalithawa kwambiri.

Mdani wamkulu wa chikumbumtima masiku ano, m'kuona kwanga, si boma koma chigulu. Ku South Africa, m'chigawo cha Limpopo, kunali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale dzina lake Benedict Daswa, Mkatolika, bambo wa ana asanu ndi atatu. Mphezi zitatentha nyumba zingapo m'mudzi mwawo, akuluakulu adagwirizana kuti aliyense asonkhe marandi 5 oti akalipire sing'anga woloza mfiti. Daswa adakana. Adati mphezi ndi chilengedwe, ndipo chikhulupiriro chake sichimulola kupereka ndalama yoti ikaphetse munthu wosalakwa. Pa 2 Febuluwale 1990 adamubisalira panjira n'kumupha. Eklezia adamulengeza kukhala wodala pa 13 Seputembala 2015. Tangoganizani, marandi 5 okha! Ambirife tikadapereka n'kunena kuti ndangotsata za pamudzi, mtima wanga sunali pomwepo. Ndipo anthu amene adamupha ayenera kuti ankakhulupirira kuti akuteteza mudzi. Ichi ndicho chikumbumtima cholakwa chikakumana ndi mantha. Tisaganize kuti zimenezi n'zakutali. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufika mu Blantyre momwe muno, ndipo anthu osalakwa adaphedwa ndi magulu a anthu. Pakati pa oponya miyalawo sipakadalephera kukhala obatizidwa.

Nanga ife a kuseminale? Palibe amene akutiitanira ku Kanjedza. Mayeso athu ndi ang'onoang'ono, koma ndi mayeso ndithu. Mu Novembala 2020 boma lidaimitsa mayeso a MSCE m'dziko lonse chifukwa mapepala adabedwa n'kumayenda pa mafoni, ndipo ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa omwe, adalembanso mu Januwale 2021. Chaka chamawa ndi ife. Pepala likadzafika pa foni ya mnzako patchuthi, ndipo aliyense akuliona, chipinda chamkati chija chidzakhala chotseguka kwa iwe wekha. Wina adzati ndikapanda kuona ndilephera, ndikalephera sindipita ku seminale yaikulu, ndiye kuti Eklezia wataya wansembe. Kuganiza kotereku kumamveka kopatulika, koma ndi kuja kochita choipa kuti patuluke chabwino. Ndipo wansembe amene adalowera pawindo adzalalika bwanji za katangale pamaso pa anthu amene adaona ndalama za boma zikubedwa mu 2013?

Moyo wa kuseminale uli ndi ngozi yakeyake pa nkhaniyi. Belu limatiuza nthawi yodzuka, yopemphera, yodya, yogwira ntchito zamanja, yogona. Malamulo amenewa ndi abwino, amatiumba. Koma munthu akhoza kukhala zaka zinayi akumvera belu lokha, osafunsa mtima wake ngakhale kamodzi. Wotere amakhala mngelo pamaso pa Bambo Rekitala ndipo amakhala wina akangotsika basi ku Limbe. Amene amasunga lamulo chifukwa choopa kuchotsedwa sadayambe n'komwe kukhala ndi chikumbumtima, ali ndi mantha aja tidayamba nawo. N'chifukwa chake mphindi zija za madzulo zodzifunsa mumtima tisanagone si zongodikira kuti nyali zizime. Ndi nthawi yokhayo pa tsiku imene palibe wina akukufunsa koma iwe mwini pamaso pa Mulungu. Palinso ngozi ya mbali inayo, ya mnyamata amene amaona tchimo paliponse, amapita kukalapa chinthu chimodzimodzi katatu pa sabata ndipo sapeza mtendere. Chimenechonso ndi chikumbumtima chodwala, ndipo mankhwala ake ndi kumvera wansembe womulangiza m'malo modzizunza yekha.

Eklezia amalemekeza kwambiri chipinda chamkatichi kotero kuti adachitchingira ndi malamulo. Buku la malamulo a Eklezia la mu 1983 limaletsa wansembe kuulula zimene wamva m'sakramenti la kulapa pa chifukwa china chilichonse. Limanenanso kuti akuluakulu a seminale akamakambirana zoti mnyamata alandire ukulu wa unsembe kapena achotsedwe, asafunse maganizo a wansembe womulangiza zauzimu kapena womulapitsa. Cholinga chake n'chakuti tizitha kutsegula mtima wonse popanda kuopa kuti mawu athu akatipeza ku ofesi. Lamulo lina, la nambala 1026, limaletsa kukakamiza munthu aliyense kulandira unsembe, ndiponso kubweza munthu woyenera amene akuufuna.

Pamenepa ndipemphe kulankhula ndi makolo athu, mwaulemu wonse. Mumativutikira kwambiri. Ena mwa inu mumagulitsa mbuzi, ena mumadzuka m'bandakucha kukaoda tomato kuti fizi ipezeke, ndipo a kumphakati amatisonkhera sopo ndi shuga tikamabwerera kusukulu. Ena kumudzi ayamba kale kutitchula kuti abambo. Zimenezi zimalimbikitsa, komanso zimalemera. Chaka chilichonse pamakhala anyamata amene, atapemphera ndi kufunsa uphungu, amaona kuti Mulungu sakuwaitanira ku unsembe. Palinso ena amene amaona chimodzimodzi koma amakhalabe, chifukwa sakudziwa kuti akayamba bwanji kuwauza amayi awo, ndipo akuopa kuti kutchalitchi anthu adzati chiyani. Ndaonapo mnyamata wamkulu akulira usiku wonse chifukwa cha kalata imene ankalephera kulembera kwawo. Mwana wanu akadzabwera patchuthi n'kukupemphani kuti mukhale pansi ali ndi mawu, musayambe ndi kuwerengera ndalama zimene mwaononga. Mufunseni kaye ngati wapemphera, ngati walankhula ndi wansembe womulangiza, ndiponso kuti maganizo amenewa wakhala nawo kwa nthawi yaitali bwanji. Ndipo amene ali ndi mwana wofunitsitsa unsembe, koma inu mumafuna adzakhale dokotala kuti adzathandize abale ake, mafunso ake ndi omwewo.